Kabokosi ka Malemu Abu Ziyad

A Umm Ziyad ankakulunga mpunga m'masamba a mphesa pamene foni inalira. Anali mwana wawo Ziyad, akuimba kuchokera ku Jeremani, kumene ankakhala ndi mkazi wake Rasha.

"Amayi, Rasha wachira. Mwana wamkazi."

"Atamandike Mulungu! Yatsa vidiyo ndimuone."

"Rasha wakana, amayi. Akuti vidiyo ikaima munenanso kuti wadula dala. Mawu aja anamulasa mtima."

Mayiwo anayang'ana manja awo onona mafuta. Mawuwo anawanenadi. Nthawi zonse akamacheza pa vidiyo, nkhope ya Ziyad inkauma pagalasi, kukamwa kuli yasa, maso osaphethira, ngati nkhope ya bambo ake, malemu Abu Ziyad, tsiku limene anamwalira. Ziyad anawalembetsera intaneti yothamanga kwambiri, koma sizinasinthe. Apa m'pamene a Umm Fadi a khomo loyandikana anabwera ndi nzeru zawo.

"Anzanga, mukugona? Intaneti yamphamvu chonchi ingamaime yokha? Ndi kampongozi kanuko, kamadina batani mobisa. Ine atsikana a masiku ano ndimawadziwa."

Tsopano mdzukulu wabadwa, ndipo khomo lomuonera analitseka okha ndi pakamwa pawo.

Atatha swala, pemphero la masana, kunabwera Lubna wa chipinda cha pamwamba, amene amagwira ntchito yolumikiza intaneti m'nyumba za anthu mumzinda wawo wa Irbid. Ankabweza mbale, ndipo poti mbale sibwerera yopanda kanthu, anaikamo nkhuyu zisanu. Ataona maso ofiira sanafunse msanga. Anakhala pansi nayamba kuwathandiza kukulunga masamba, mpaka nkhani inatuluka yokha.

"Modemu yanu, kabokosi ka intaneti, ili kuti, azakhali?"

Anamulozera pashelefu. Kabokosiko kanali kofunditsidwa kansalu koluka, timagetsi take tikuphethira pansi pake. Lubna anakatembenuza, nawerenga kapepala ka kunsi, n'kuseka.

"Kameneka kanabwera pa ngamila?"

"Usakanyoze, mwanawe. Anakalumikiza ndi manja awo malemu." Anamuonetsa foni. Pamwamba panalembedwa dzina la netiweki: Abu Ziyad. "Zaka khumi ndi chimodzi. Ndikamachokera kumsika, ndikangofika pamasitepe, dzinali limatulukira lokha, ngati akundichingamira. A kampani anabwera kawiri kuti akasinthe, ndinawabweza. Ndingawaike m'manda kawiri?"

Lubna analeka kuseka. "Azakhali, tsiku limene boma limatitsegulira madzi, kaya litsegule ochuluka bwanji, ngati paipi yopita ku thanki ya padenga ndi yaing'ono, amalowa bwanji?"

"Modontha."

"Ndi zomwezo. Modemu iliyonse ili ndi malire a liwiro limene inapangidwira. Iyi inapangidwa kale, intaneti ikuyenda ngati nkhalamba. Imene anakulembetserani Ziyad imafika mpaka pakhoma apa, koma kabokosika sikangaidutsitse yonse, tsono vidiyo imatsamwa. Si nthawi zonse vuto limakhala modemu, mwina ndi waya, mwina ndi kampani. N'chifukwa chake timayesa kaye tisanaloze munthu chala."

Lubna anakatenga modemu yatsopano kuchipinda kwake, naimba ku ofesi kuti ailembetse. Atayeza pa foni, manambala amene poyamba ankakwawa anathamanga mpaka kumapeto.

"Dzina lija silikhala m'kabokosi, azakhali. Timachita kulemba. Ndilembenso?"

A Umm Ziyad anangogwedeza mutu kuvomera. Timagetsi takale titazima, anatembenukira kukhoma, milomo ikunong'ona pemphero. Lubna anapukuta fumbi pakabokosi kakaleko, nakakulunga bwinobwino m'kansalu kake, n'kukaika m'manja mwawo.

"Ndiye kuti Rasha sankadula?" anafunsa motsitsa.

"Sankadula, azakhali."

A Umm Ziyad anatenga foni. Anakumbukira kuti nthawi iliyonse vidiyo ikaima, amene ankaimbanso kachiwiri ndi kachitatu anali Rasha, osati Ziyad. Kenako anaimba.

"Ziyad, sindikupempha kuona mwana. Ndipatse Rasha, pa vidiyo, ngati angalole."

Panapita kanthawi. Nkhope ya Rasha inaonekera, yotopa, maso akuphethira, ndipo sinaume.

"Rasha, mwana wanga," anatero a Umm Ziyad, Lubna akumva. "Cholakwa chinali m'nyumba mwanga muno, ine ndinachifunditsa nsalu, mlandu n'kukusenzetsa iwe. Ndinakunamizira kwa mwamuna wako. Pamaso pa Mulungu ndi pamaso pako, ndikhululukire."

Phunziro: Modemu yakale ikhoza kutsamwitsa intaneti yothamanga. Yesetsani kaye chipangizo cha m'nyumba mwanu kwa odziwa musanasenzetse mlandu munthu wosalakwa.