Chifuwa cha a Rufino

Nelida anali ndi maso abwinobwino, kungoti ankawasunga m'chikwama. Akangolowa mu holo yovinira ya ku Boedo Lamlungu masana, ankavula magalasi n'kuwapisa pamodzi ndi nsapato zoyendera. Ati magalasi amakanda tsaya la mwamuna povina gule wa tango. Bodza lenileni! Ankangofuna kubisa zaka, pomwe zakazo zinali zitamulemba kale pakhosi.

Tsono kuno mwamuna sabwera patebulo kudzapempha gule ndi pakamwa. Amakuyang'ana ali tsidya lina la bwalo, n'kugwedeza mutu pang'ono chabe. Iwe umavomera ndi mutu wakonso, kenako umakhala phee pampando mpaka munthuyo adzaime pamaso pako. Nanga wopanda magalasi angauone bwanji mutu ukugwedezeka? Ntchito imeneyo inali ya Pocha, mnzake wa patebulo, amene ankamuponda phazi wina akamuitana.

Zaka zitatu zathunthu Nelida ankadikira mutu umodzi wokha, wa a Evaristo, telala wakale, wamtali ngati mlongoti, watsitsi lonyezimira. Amayi ankati ukavina nawo nyimbo zinayi Lamlungu, ukhoza kufa Lolemba wopanda dandaulo.

Lamlungu lina nyimbo itangoyamba, Pocha anamuponda ngati akupha mphemvu.

"Iwe! Akuyang'ana kuno!"

"Ndani?"

"Telala wako uja, chitsiru iwe! Agwedeza! Eee, anyamuka, akubwera!"

Lamulo lodikira pampando Nelida ankalidziwa kuyambira ali mtsikana, ndipo iye yemweyo ndiye ankayamba kuseka olilakwira. Koma miyendo ilibe makutu. Anangozindikira ali chiimire m'mphepete mwa bwalo, mikono ili m'mwamba ngati nkhuku yofuna kukwera mumtengo.

A Evaristo anafika, fungo la mafuta onunkhira lili patsogolo. Anamulambalala mwaulemu wonse, n'kupereka dzanja kwa mtsikana wa diresi lofiira amene anakhala kumbuyo kwa mpando wake.

Mayo ine! Mu holo imeneyi ngakhale makoma ali ndi maso. Mkazi wina amene anachita zomwezi anasamukira ku holo ina ya ku Flores, ndipo mpaka lero akamamutchula amatsokomola kaye. Mpando wa Nelida unali pomwepo kumbuyo kwake, koma unaoneka ngati uli kutali ku Patagonia. Akangobwerera n'kukhala pansi, basi, Lamlungu lake mu holo ino latha.

"Pepani mayi, ndachedwa. Bondo langali limayamba lapempha chilolezo lisanayende."

Anali a Rufino, dalaivala wa basi wopuma ntchito, wamfupi, wamimba yotsogola, amene Nelida ankawakana chaka ndi chaka poyang'ana kudenga. Anaima pamaso pake ngati kuti ndi iwo anamuitana.

"Inu simunandiitane," ananong'ona Nelida.

"Zimenezo tikudziwa ndi ife awiri. Bwerani msanga, enawa asanayambe kuganiza."

Sanamukoke. Anangotsegula mkono n'kudikira. Nelida analowamo yekha, chifuwa chake n'kukhudza chifuwa chawo, chipumi chake n'kupeza malo patsaya lawo. Ankanunkhira sopo ndi khofi. Dzanja lawo linakhala pamsana pake, lofunda, losapanikiza. Anthu anayamba kuwadutsa, koma iwo anali chiimire.

"Bwanji a dalaivala, basi yafa?" anafunsa Nelida.

"Ndikudikira mupume. Mwagwira mpweya ngati mukumira."

Nelida anatulutsa mpweya, mapewa n'kutsika. Pomwepo anamva chifuwa chija chikudzaza, chikumunyamula pang'ono, chikusamutsa thupi lake lonse kupita ku mwendo umodzi. Mwendo winawo unangopita wokha kumbuyo! Palibe anaukankha, palibe anauuza. Wachiwiri unatsatira. Chifuwa chikatembenuka pang'ono, chiuno chake chinkatembenuka. Chikaima, iyenso ankaima, phazi lili m'malere, kudikira. Anatseka maso osaonawo. Mimba ija ankaiseka ija inali ngati pilo amene wina anamusokera iye yekha.

Ndipo a Rufino ankamumvera, abale inu! Nelida atachedwetsa phazi dala, kuti aone ngati angamusiye m'mbuyo, munthuyo anaima naye. Atalikhwekhwereza pang'onopang'ono pansi, iwo anamupatsa nthawi yonse ngati msewu ndi wawo.

Nyimbo yoyamba itatha, Nelida anali akupuma ngati wathamangira sitima.

"Munazibisa kuti zimenezi zaka zonsezi?"

"Pomwe pano, pansi pa malaya. Inu mumayang'ana kudenga."

"Musayambe chipongwe, mdala inu."

"Zaka makumi atatu ndanyamula anthu oimirira m'basi yodzaza, mayi. Sindinagwetsepo ndi mmodzi yemwe."

Nyimbo yachiwiri inali yothamanga, ndipo anadutsa pakati pa anthu ngati munthu mmodzi wamiyendo inayi. Pa yachitatu thukuta lawo linasakanizika patsaya, Nelida osalabada za utoto wake wa kumaso. Pa yachinayi sankadziwanso kuti mtima umene ukugunda pachifuwapo ndi wa ndani. Kwinakwake a Evaristo anawadutsa ndi diresi lofiira lija. Nelida anangomva fungo, osatsegula ndi diso limodzi lomwe.

Zinayi zija zinatha. Analiza kanyimbo kobalalitsa anthu, bwalo n'kuyera, aliyense kumpando wake. Pakati panatsala anthu awiri okha, atagwiranabe. Matebulo onse anali kunong'onezana, koma za kuimirira kuja panalibenso wozikumbuka. Nkhani tsopano inali yakuti kodi awiriwa anayamba liti, ndipo zatidutsa bwanji ife.

"Nelida!" anakuwa Pocha, akuwomba m'manja. "Mutaye munthuyo akamwe madzi! Ufuna umutengere kwanu?"

"Mayi," anatero a Rufino chapansipansi, "nyimbo yatha."

"Ndamva, sindine gonthi."

"Anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane, ndi zimene anabwerera." Nelida anakhwimitsa mkono pakhosi pawo. "Imani pomwepo, musasunthe. Ina iyamba pompano."