Manda Amene Bonifasi Analambula

Bonifasi anabwerera kumudzi wa mkazi wake, kufupi ndi Madzimoyo, m'zaka za Chitaganya. Anafika wopanda maso, wopanda sutukesi, ndipo manyazi nawo analibe. Baluti wa mumgodi wa ku Wanki anali atamuphulikira kumaso, ndipo mkazi wina amene anakwatira kumeneko ataona kuti ng'ombe yauma mkaka, anangomukweza lole ya ku Fort Jameson. Apa m'pamene bamboyu anakumbukira kuti anabalapo mwana wamkazi, dzina lake Edita.

Edita sankamudziwa munthuyu. Bonifasi anathawa mwanayo ali wakhanda, pamene miyendo ya amayi ake, a Veronika, inafa atangobereka. Amene anatsala ndi mtolo wonsewo anali amalume ake, a Alfonsi, mlongo wa wodwalayo.

A Alfonsi anali mwamuna wosinja, ndipo mudzi unawaseka mpaka kutopa. Ankabereka Edita kumbuyo ndi nsalu, n'kumapalira mtedza mwana akugona. Kuchitsime ankafola pamodzi ndi amayi. Tsiku la Mulungu lililonse ankanyamula mlongo wawo pamsana kupita naye kutchalitchi, akuimba nyimbo za Chilatini molakwitsa kuti wodwalayo aseke. Anafunsirapo mbeta kawiri, koma ndi mkazi uti angalole mwamuna wokwatira kale ndi mtondo? Anakalamba osakwatira. A Veronika anamwalira m'manja mwawo, ndipo chilimwe chathachi a Alfonsi nawo anatsatira, chifuwa chitawadya.

Zonsezi Edita akadakhululuka mwina. Chimene chinamukanika ndi mawu amene mtchona wina anabwera nawo kuchokera ku Wanki iye ali kamtsikana. Anthu atamuuza Bonifasi kuti mkazi wake akuvutika, akuti anaseka pamowa nati, "Si Alfonsi ali pomwepo? Amukwatire yekha mlongo wakeyo." Tsiku limenelo Edita anaona amalume ake akulira kuseri kwa nkhokwe. Anamuda Bonifasi kuyambira pamenepo, ndipo chidanicho chinakula naye limodzi.

Anamulandirabe, poti akulu anati wakhungu sapirikitsidwa. Ankamupatsa chakudya ndi madzi osamba, koma mawu oti "atate" sanatuluke m'kamwa mwake. Ankangoti "inu a ku Wanki".

Bonifasi anali ndi chinthu chimodzi chomusowetsa mtendere. Ankalota mkazi wake Veronika akukwawa kumulondola, ndipo ankaopa kufa asanapepese.

"Mwanangu," anatero mwezi wa Novembala utayandikira, pamene Akatolika amakalambula manda a abale awo, "unditengeko pamene agona amako. Ndikagwade, ndizule udzu ndi manja angawa. Mwina angandileke."

"Mukufuna kupepesa?" anafunsa Edita.

"Ndi chokhacho chatsala."

"Chabwino. Gwirani ndodo."

Anamutsogolera m'mawa, akumva mtima wake ukuwira ngati thobwa. Kumanda kunali anthu ambiri ndi makasu, ena akupemphera kolona. Edita anamuimika pamtumbira wina nati, "Gwadani apa."

Bonifasi anagwada. Anazula udzu, chisoso ndi minga yomwe, zala zikutuluka magazi. Kenaka anayamba kulira mokweza, ndipo makasu onse analeka.

"Ndinakulakwira! Ndinakusiyira katundu amene anali wanga. Ndinakunyoza pamowa, iwe ukuvutika ndi mwana. Ndine galu, ndikhululukire!"

Edita anaima chilili, manja m'chiuno. Sanamve chisoni ngakhale pang'ono. Anamva kukoma kokhakokha, monga wamva ludzu amamvera madzi a mumtsuko.

"Bwerezani," anatero. "Anthu akumbuyoko sanamve bwino."

Bonifasi anabwereza. Atatha anafufuza mtanda kuti aupsompsone. Unali wamtengo, dzina lake lolembedwa ndi msomali wamoto, ndipo zala zake zinayenda pazilembozo pang'onopang'ono. Zinaima. Zinabwerera poyamba, n'kuyendanso.

"Edita, apa palembedwa Alfonsi."

"Eya. Kusukulu munapitako ndithu."

"Wandinamiza, mwanangu?"

"Ndakunamizani chiyani? Munati ndikutengereni pamene agona amayi anga. Amene anandibereka kumbuyo ndi awa. Amene ananditafunira chakudya ndi awa. Mawu onse mwanenawo eni ake ndi awa, ndipo anawadikira mpaka kufa."

Mayi wina wachikulire anayandikira. "Edita, zakwana. Choipa chitsata mwini, wachiona kale munthuyu. Muonetse mkazi wake."

"Anali ndi maso zaka zonse zija, amayi, osabwera kudzamuona. Lero ndiye aone ndi anga?"

Bonifasi anayamba kukwawa, akupapasa uku ndi uku. "Veronika! Uli kuti, Veronika? Wina andithandize!"

Palibe anamuthandiza, poti onse ankawakumbukira a Alfonsi. Edita anatola ndodo ija, naigwiritsa m'dzanja la Bonifasi, n'kukoka.

"Tiyeni, dzuwa lakwera."

Podzuka, chidendene cha Bonifasi chinakhudza mtumbira woyandikana nawo, wolambulidwa kale bwino. Wakhunguyo anachotsa phazi msanga, napepesa kwa mwini manda amene sankamudziwa. Edita anayang'ana dzina la Veronika pamtandawo, n'kupitiriza kukoka ndodo.