Kachitini ka Azakhali a ku Barking

Kodi ndi chinthu chanji, chosaposa nsonga ya chala kukula kwake, chimene chinasonkhanitsa apolisi asanu amfuti, galu mmodzi ndi katswiri wa mabomba pa bwalo la ndege ku London? Lumbani Kachingwe, amene anachinyamula, nayenso sankachidziwa.

Munali mu Ogasiti 2006, sabata imene apolisi analengeza kuti agwira anthu ofuna kuphulitsa ndege ndi zamadzimadzi za m'mabotolo. Zikwama za m'manja zinaletsedwa. Munthu ankaloledwa kulowa ndi kajumbo koonekera mkati, muli pasipoti ndi tikiti basi.

Lumbani, wophunzira zamalamulo, ankapita kumudzi kukaika chiliza pamanda a bambo ake. Iye ndi mkazi wake Etta ankakhala m'chipinda chimodzi cha nyumba ya azakhali a Etta, Mayi Florence, ku Barking. Mwana wawo woyamba, Yamiko, anali ndi masabata atatu. Mayi Florence anabwera ku London kalekale pothawa ndale, ndipo iwo ankamuona mkamwiniyu ngati mpando wothyoka umene sanapeze nthawi youtaya.

M'mawa wa ulendowo anamuitanira kukhitchini ndi kumupatsa kachitini komata ndi tepi, kokulunga m'kansalu, komanga ndi ulusi wakuda.

"Bambo a Yamiko, aka mukapereke m'manja mwa apongozi anu ku Ntcheu. Osaika m'sutikesi, masutikesi amasochera ku Nairobi. Kakhale pathupi panu. Osatsegula."

"Muli chiyani, Azakhali?"

"Muli zoti musafunse. Mukakataya kapena kukatsegula, pobwera mukafune nyumba yanu. Etta ndi mwana atsala kuno."

Lumbani anayang'ana Etta kuti amuthandize. Etta anali wotanganidwa kwambiri ndi kuyang'ana khoma. Popeza chikwama cha m'manja chinali choletsedwa, wophunzira zamalamuloyo anaganiza mozama, ndipo kachitini anakalowetsa m'sokosi.

Pa bwalo la ndege mzere unafika mpaka panja. Atafika kutsogolo, mtsikana wa yunifolomu anamufunsa funso limene amafunsa aliyense: "Kodi pali wina amene wakupatsani katundu kuti mumunyamulire?"

Mmalawi aliyense wopita kumudzi amadziwa yankho lake. Ngakhale sutikesi itadzaza ndi nsapato za mpingo wonse, amati ayi, n'kumwetulira. Koma Lumbani anali mwana wa mkulu wa mpingo, ndipo bodza ankaliopa kuposa mfuti.

"Inde, mayi. Anthu khumi ndi anayi."

Mtsikanayo anasiya kulemba. "Mukudziwa zimene zili mkati?"

"Zonse ndikuzidziwa kupatula kamodzi."

"Kali kuti?"

"M'sokosi."

Boma la Britain linali litadikira munthu wotere kwa zaka zisanu, chichitikireni zauchifwamba za mu Seputembala 2001. Posakhalitsa Lumbani anali m'kachipinda kopanda zenera, wopanda nsapato, kachitini kali patebulo pakati pa apolisi asanu. Galu anakanunkhiza, anayetsemula, nagona pansi. Apolisi anatsutsana kwa kanthawi ngati kugonako kunali chizindikiro kapena ulesi chabe.

Kenako analowa wamkulu wa gulu lolimbana ndi zauchifwamba, bambo wa dazi, wa mawu ofatsa ngati dokotala wa mano. Anabwera ndi chithunzi cha makina ounikira katundu.

"A Kachingwe, apa tikuona chinthu chokulunga m'pepala lonyezimira, chopanidwa ndi kachipangizo kamano. Kachipangizo kameneka n'ka chiyani?"

"Sindikudziwa, bwana."

"Anakupatsani ndani?"

"Azakhali a mkazi wanga."

"Anati chiyani?"

"Anati kakhale pathupi panga, ndisatsegule, ndisafunse, ndipo ndikalephera ndisabwererenso kunyumba."

Wapolisi wina analemba mawuwo mwachangu, nkhope ili ngwee, ngati munthu amene waona kale dzina lake m'nyuzipepala.

"Azakhaliwa ali m'gulu lililonse?"

"Ali m'Mvano, bwana. Amakumana Lachinayi lililonse. Iwo ndiye wapampando."

Zimenezinso zinalembedwa, ndipo pansi pake anadula mzere kawiri.

Katswiri wa mabomba anafika atavala ngati kamba. Anafotokoza mwaulemu kuti njira zilipo ziwiri: kukatsegula pomwepo, kapena kupita nako kuseri kwa bwalo n'kukaphulitsa mosamala. Lumbani anaona njira zonse ziwiri zikuthera pa malo amodzi, iye ali pa siteshoni ya Barking ndi sutikesi, mwana wake akumuonera pawindo la eni ake. Anagwada pansi ndi masokosi akewo.

"Bwana, ndimangeni ine, koma kachitini mukasiye. Inu simuwadziwa Azakhali."

Wadaziyo ananena kuti akufunitsitsa kuwadziwa. Anaimba nambala imene Lumbani anapereka, nakweza mawu a foni kuti onse amve. Anatchula udindo wake wonse, umene unali wautali ndithu.

"Chabwino, mwanawe," anatero Mayi Florence m'Chingerezi cha pa wailesi. Kenako anatembenukira ku Chichewa. "Bambo a Yamiko, muli pomwepo? Ndakutumani ku Ntcheu, inu mwakafika kupolisi. Sukulu yonse ija!"

"Mayi," anatero wadaziyo, "tiuzeni zimene zili m'kachitinimu."

"Sindingauze mwamuna. Ndipo diso la mwamuna likaona, mudzayankha ndinu. Kulibe mzimayi kumeneko? Mzimayi wobereka, osati kamtsikana."

"Mayi, iyi ndi nkhani ya chitetezo cha dziko."

"Inenso ndikuteteza dziko, mwanawe. Langa ndi la masabata atatu. Itanani mzimayi."

Gulu limene linali ndi mfuti, galu ndi makina a mtengo wapatali linapezeka kuti linalibe mzimayi wobereka. Anamufunafuna kwa theka la ola, mpaka anapeza Sajeni Bessie, mayi wonenepa wa ku Woolwich, amene ankalondera pa khomo la zimbudzi. Anatenga foni, namvetsera. Anati "ee," anatinso "ee," kenako anaseka mpaka kugwira tebulo.

"Amuna nonse, panja," anatero. "Inunso a kamba."

Anatuluka onse, ndi wadazi yemwe, n'kuima m'khonde ngati ana olangidwa kusukulu. Patapita mphindi zisanu Sajeni Bessie anatsegula chitseko. Kachitini kanali kokulungidwanso, ulusi wakuda womangidwa bwino kuposa poyamba.

"Palibe choopsa. Inenso za ana anga atatu ndinasunga m'kabati. Mayiwa akufuna kuti kakakwiriridwe pakhomo la kwawo, mwana adziwe kumene anachokera."

"Lipoti likufuna dzina la chinthucho, Sajeni," anatero wadaziyo.

Sajeni analemba mawu ochepa pa fomu, atatchinga ndi dzanja, naipinda. Wadaziyo anaitsegula, anawerenga, ndipo dazi lonse linafiira. Anauza katswiri kuti akavule chigoba chake cha kamba chija.

"Mayi, nanga ine?" anafunsa Lumbani, akuvala nsapato. "Ndiuzeniko chabe."

"Inu ndinu mwamuna, bambo. Bwezerani m'sokosi, thamangani."

Ndege inali isananyamuke, chifukwa sabata imeneyo palibe ndege imene inanyamuka pa nthawi yake. Lumbani anakhala pampando wake, mwendo wamanzere ataupinda mosamala, chipinda chake cha ku Barking chikadali chake. Ulendo wonse sanagone, ankangoganiza za mankhwala, za golide, za makalata a ndale.

M'kachitinimo munali mchombo wouma wa mwana wake Yamiko, wopanidwa ndi kopanira ka pulasitiki ka ku chipatala.