Miyala Iwiri ya pa Bwinja la a Howard

Chimene chinkamutentha mtima Rozaria n'chakuti mwana wake Eneya anali asanabwezebe miyala ya eni ake. Ankanena m'mawa, ankanena madzulo mpaka kukamwa kuuma, koma mwanayo yankho lake linali limodzi, lakuti mawa.

Eneya ankafuna usilikali. Olemba ntchitoyo ankayembekezeka ku boma mwezi wotsatira, ndipo a Wanangwa, aphunzitsi a zamasewera pasukulu ya pafupi, anamuuza kuti kuthamanga kokha kumamusiya munthu ngati bango, pomwe kunyamula zolemera kokha kumamusandutsa chipika chosatha kukwera chitunda. Azichita zonse ziwiri. Ndiye m'mawa ankathamanga njira ya otola nkhuni yokwera ku Michesi, madzulo n'kumanyamula zolemera kuseri kwa khola la mbuzi. Zitsulo zogula akanazitenga kuti? Anamangirira miyala iwiri uku ndi uku pa mtengo wa bulugamu ndi mphira za chubu cha njinga.

Miyala kumeneko ili mbwee. Napolo atadutsa chaka chija anaisiya m'minda monse, ina kukula ngati nyumba. Koma Eneya anakatola pa bwinja la a Howard, ati kumeneko ndiye anapezako iwiri yolemera mofanana. Ikanalekeranji kufanana? Madzi anakokolola nyumba ya a Howard muli mkazi wawo ndi ana awo amapasa, ndipo mitembo sinapezeke. Bamboyo anasankha miyala itatu, umodzi waukulu ndi iwiri yofanana, n'kuiika pamene panali khomo. Anzawo akamakalambula kumanda, iwo ankalambula pamenepo.

Unali mwezi wa Okutobala, nthaka ili gwa, koma Rozaria akamakatsekulira mbuzi ankapeza miyala ija ili chinyowere, pansi pake pali matope ofiira. Nkhuku zinasiya kupalasa kuseri kwa khola. Eneya mikono inakula ndithu, koma ankadya ngati anthu atatu, masaya akulowabe m'kati. Tsiku lina akupukuta thukuta anawauza mayi ake moseka kuti akamakwera chitunda amamva ngati wabereka mwana kumsana, wina akumukoka kabudula, ndipo zimenezo ndiye zikumulimbitsa miyendo.

Rozaria sanaseke. Komabe ntchito ya usilikaliyo ankaifuna kuposa mwini wake, poti denga linkadontha ndipo bambo wa mwanayo analowera ku Limbe osabweranso. Anapanira tambala m'khwapa n'kupita kwa a Howard kukakambirana, monga ankachitira ndi mavenda a nandolo. Anawapeza akusema mpini. Anawapempha kuti miyala ikhalebe mpaka olemba asilikali atabwera, atengeretu tambalayo, ndipo mwana akalembedwa adzawonjezera mbuzi.

"Mukunenerera kwa ine ngati ndi yanga, amake Eneya," anatero a Howard osatukula mutu. "Ine ndinangoiika. Koma kubwinja masiku ano kuli zii. Mayi wawo watsala yekha."

Rozaria anabwerera ndi tambala wake akung'ung'udza kuti anthu ena sadziwa malonda.

M'mawa mwake anapita kunkhuni Eneya atadutsa kale. M'fumbi munali mapazi a mwana wake, otalikirana monga a munthu wothamanga. Uku ndi uku kunali timapazi ting'onoting'ono, zala zokhazokha, ta ana othamangira kuti asatsale. Anawerama n'kukhudza kaphazi kamodzi. Kanali konyowa. Nkhuni sanatolenso.

Eneya atabwera, mayi ake anamuuza kuti miyala ibwerere lero lomwe. Iye anati mwala ndi mwala, akasiya pano mikono iphwa, ndipo adzabweza akachokera ku boma.

"Ku boma ukapita wekha kapena atatu?" anafunsa Rozaria. Eneya anangotenga ndowa n'kupita kukasamba.

Rozaria sanadikire. Anadula mphira zija ndi mpeni wa ndiwo. Mwala umodzi anausenza pa nkhata, winawo anaubereka ndi chitenje, n'kuyamba ulendo dzuwa lili paliwombo. Poyamba inali miyala chabe. Atawoloka khwawa louma, wa kumsana uja unayamba kufunda, kenaka anamva mpweya wofunda ukumupuma m'khosi. Madzi ankatsika pa nkhata n'kumulowa m'maso, ndipo ankanunkha matope a mumtsinje. Sanatembenuke. Anangougwedeza monga amachitira mayi mwana akamavuta kumsana.

"Khala bwino iwe, usandithyole msana. Tafika kale."

Pa bwinja panalibe munthu. Mwala waukulu unali pomwepo, m'mbali mwake muli maenje awiri osamera udzu. Rozaria anagwada, natula wa pamutu, namasula wa kumsana, n'kuika uliwonse m'malo mwake. Kenaka anaimirira n'kuyang'ana mwala waukulu uja monga ankayang'anira mnzake pamsika.

"Ndabweza ana anu, mayi, onse awiri, osabenthuka. Wanga mumusiye. Tamvana?"

Miyala iwiri ija inayamba kuuma iye akuona, kuyambira pamwamba kutsika mpaka pansi.