Phale la Rute

Moni kwa inu amene mukuwerenga, ndipo ayamikike Ambuye amene atisunga mpaka takumana pano. Khalani pansi mumve za Zakariya, wakabaza wa pa Muloza, ndi mwana wake Marcia.

Mkazi wa Zakariya, Rute, anali ndi kasukulu pakhonde. Amayi opita kothyola tiyi ankamusiyira ana m'mawa, iye n'kuwakhazika pamphasa pamodzi ndi Marcia, amene anali ndi zaka zinayi. Choko analibe. Ankaumba zilembo ndi dothi la mtapo, zazikulu ngati chikhatho, n'kuziwotcha monga awotchera miphika. Chilembo chilichonse chinali ndi kanyimbo kake, ndipo mwana ankaloledwa kuchigwira, kuchiyendetsa ngati galimoto, ngakhale kuchibereka kumbuyo. Koma Rute anali ataumba theka lokha pamene matenda anamugwetsa, ndipo Ambuye anamuitana chimanga chisanache.

Maliro atatha, akuchikazi ananena poyera kuti mwana ndi wa kwawo kwa mayi ake. Anthu akadzakolola, Luiza, mkulu wake wa Rute, adzachokera ku Milange, kutsidya kwa malire, kudzamutenga. Zakariya sanatsutse, pakuti mwambo ankaudziwa. Ankangopalasa njinga yake akupemphera chamumtima kuti nyumba isamuthere kawiri.

Tsiku lina Marcia anandandalika zilembo za amayi ake pakhonde, n'kuona kuti mzere wathera panjira. Anafunsa bambo ake kuti zinazo zili kuti. Mawa lake Zakariya anatenga khasu ndi chidebe kupita kumtapo, kumene amuna sapitako. Anzake a kabaza anamuseka kuti posachedwa ayamba kumanga chitenje. Iye anaumbabe. Atamaliza anaziyanika padenga lamalata, dzuwa likuswa mtengo, poganiza kuti chilichonse chonyowa chimafuna dzuwa. Pozitsitsa zinali zitang'aluka zonse. Anaumbanso, zinang'alukanso.

Luiza anafika zili choncho, atasenza dengu, ndipo maso ake anagwera pa mulu wa zidutswa pafupi ndi khomo.

"Alamu, izi ndi zilembo kapena makaka?" anafunsa.

"Makaka amadyedwa, alamu. Izi nkhuku zomwe zikuzikana."

Luiza anali woumba miphika, ndipo ndiye anaphunzitsa Rute ntchitoyo ali atsikana. Anafinya kachidutswa m'manja, n'kunena kuti sangawoloke malire atasiya ntchito ya mng'ono wake ili chonchi. Anafunsa ngati panali mphika wa Rute wosweka. Unalipo, phale lake nkhuku zinkamweramo madzi. Luiza analitsuka, n'kulisinja mpaka linasanduka ngati mchenga, kenaka analisakaniza ndi dongo latsopano. Anafotokoza kuti dongo lokhalokha limang'aluka, koma likalandira phale limene linapsapo kale pamoto limalimba. Ndipo zoumba siziyanikidwa padzuwa. Zimauma pang'onopang'ono pamthunzi, zitafunditsidwa masamba a nthochi. Anati akawotcha zilembozo, iye ndi mwana anyamuka.

Zakariya ankajambula chilembo pansi ndi kamtengo, Luiza n'kumaumba, Marcia n'kumasalaza ndi chala chonyowa. Ana oyandikana nawo ataona dongo anayamba kubweranso, ndipo Mayi Lines, mnzake wa Rute wa kumpingo, anabwera ndi mphasa yawo kuti aziwayang'anira. Khonde linadzazanso phokoso.

Kenaka chiperoni chinatsika m'phiri, ndipo zilembo zinakana kuuma. Luiza ankazigogoda ndi chikhadabo m'mawa uliwonse, n'kupukusa mutu. Zakariya, Mulungu amukhululukire, ankayamika chifukwa cha nkhunguyo ngakhale inkamuthawitsira okwera, ndipo ankapempha kuti ikhalitse.

M'mawa wina Luiza akuchokera kotunga madzi anamva Marcia akuphunzitsa anzake. Mwanayo anali atanyamula chilembo m'mwamba, akuimba kanyimbo kake, anzake akuvomera. Luiza anaima chilili, ndowa ili pamutu. Mawu anali a Chichewa, koma kaimbidwe kanali ka nyimbo ya Chilomwe imene iye ankatonthozera nayo Rute kumsana, pamene ankathawa nkhondo ali ana. Zakariya anamuona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

Dzuwa linabwerera, monga limachitira. Anaunjika nkhuni ndi udzu kuseri kwa nyumba, ana ataimitsidwa patali, ndipo moto utazilala zilembo zinatuluka zofiira, zolira ngati belu. Palibe chinasweka. Marcia anaziyala pakhonde, za amayi ake ndi zatsopano, mzere n'kufika kumapeto. Zakariya anawomba m'manja pamodzi ndi ana, koma ankadziwa tanthauzo la tsikulo.

Mawa lake anapopa matayala, n'kumanga dengu la Luiza pakaliyala. Kenaka analowa m'nyumba, natuluka ndi kamtolo ka zovala za mwana.

"Kamtoloko mukupita nako kuti, alamu?"

"Si munanena kuti mukawotcha..."

"Ndinanena. Koma kwathu ndikamupatsa chiyani? Phala ndili nalo, koma Rute wasiya mawu ake pakhonde pano. Bwezani zovalazo. Kwa amalume ake ndikayankha ndekha."

Anawonjeza kuti Zakariya azibwera ndi mwana ku Milange pafupipafupi, kuti adziwe abale ake ndi Chilomwe, ndiponso kuti akadzamva kuti waumbanso makaka adzabwera kudzatenga onse awiri, mwana ndi bambo ake omwe.

Zakariya anafuna kuthokoza. Anagwada pafumbi, chipewa chili m'manja, mpaka Luiza anamuuza kuti adzuke, anthu angaganize kuti akumufunsira. Zakariya anamukweza panjinga kupita kumalire. M'mbuyo mwawo Mayi Lines anali akuyala mphasa, ndipo Marcia anali akugawira anzake zilembo, chimodzi atachibereka kumbuyo.

Woumba wathu, amene sataya ngakhale phale, akusungeni inu ndi ana a pakhonde panu, ndipo mtendere wake ukhale panyumba panu.