Chitenje Pamwamba pa Thalauzi

Matilda Chikopa anali ndi chizolowezi chimene aliyense wa ku tchalitchi kwawo ankachidziwa: mawu oti "sindidziwa" sankatuluka pakamwa pake. Munthu akamufunsa njira ya ku Gorbals, dera lina la mzinda wa Glasgow kumene ankakhala, ankaloza ndi chala molimba mtima ngakhale anali asanapondeko. Dokotala akamufotokozera za mankhwala m'Chingerezi chothamanga cha ku Glasgow, ankagwedeza mutu katatu, n'kukafunsa mwana wake kunyumba. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu m'dziko la eni zinamuphunzitsa kuti mlendo akaulula umbuli kamodzi, anthu amamuyankhula mokweza mawu mpaka kalekale.

Mwana wakeyo, Isla, wa zaka khumi ndi zisanu, anali mu kalabu ya ski, masewera aja otsetsereka pa sinowo utaponda matabwa awiri aatali. Chaka chilichonse mu February, kalabuyo inkapita ku mapiri a ku Aviemore kwa sabata yathunthu. Lamulo linali loti atsikana sanganyamuke popanda mayi woti azigona nawo nyumba imodzi ndi kukwera nawo phiri. Kwa zaka zambiri mayiyo anali Nellie, mzimayi wa imvi, mbadwa ya ku Glasgow komweko, koma chaka chino iye anapempha kuti apeze mnzake womuthandiza.

Pa msonkhano wa makolo, Rowland, mkulu wa kalabu, anafunsa Matilda ngati mapiri amawadziwa.

"Ndinakulira m'tsinde mwa phiri la Mulanje," anayankha.

Limenelo silinali bodza. Anatsika phirilo kambirimbiri mtolo wa nkhuni uli pamutu, phazi osaterereka ngakhale pa mvula. Koma Rowland atafunsa za ski, mutu uja unagwedezeka katatu wokha, ndipo dzina lake linalembedwa pakati pa odziwa. Isla, yemwe anakhala pambali pake, anangoyang'ana nsapato zake.

Loweruka, kutatsala sabata imodzi, onse anakumana pa kamtunda kochita kupanga, koyalidwa mphasa za pulasitiki zonyowa, kuti ayesere. Matilda anabwerekedwa thalauzi lakuda. Linamuthina m'chiuno ndi m'ntchafu, ndipo atadziona pagalasi la m'chipinda chovalira anachita manyazi. Panja panali abambo, pakati pawo a Ephraim, mkulu wa mpingo, amenenso mwana wawo anali mu kalabuyo. Matilda anatulutsa chitenje cha maluwa achikasu m'chikwama, nachikulunga pamwamba pa thalauzi mpaka m'akakolo, nachimanga mfundo ija imene sinamasukepo ngakhale pa chinkhoswe.

Isla anamunong'oneza m'Chingerezi kuti achivule.

"Ndioneke chonchi pamaso pa a Ephraim?" Matilda anayankha. "Iwe unabadwira kuno. Ine ayi."

Safunsa anadya phula. Rowland, pokhulupirira zomwe analemba, anamutumiza pamwamba penipeni pamodzi ndi atsikana akuluakulu. Chingwe chinamukokera kumtunda, ndipo mwa chisomo chokha sanagwe. Atafika anayang'ana pansi n'kudziuza kuti kamtunda aka n'kachulu chabe poyerekeza ndi kwawo. Kenako matabwa aja ananyamuka osamutsanzika.

Munthu akafuna kuima pa ski amatangadza miyendo, zidendene kunja, nsonga za matabwa n'kuyandikana kutsogolo. Matilda zimenezi anazimva koyamba ali pakati pa ulendo, anthu onse akumukuwira kuti atangadze. Anayesa. Chitenje chinakana. Miyendo inali yomangidwa pamodzi ngati ya nkhuku yopita ku msika, ndipo liwiro linkangowonjezeka. Pansi, Nellie anali atawerama kumangira kamtsikana nsapato. Anakankhira mwanayo kumbali, koma yekha analibenso nthawi. Matilda anamugunda, ndipo anamva kulira kwa fupa, ngati nkhuni youma ikuthyoka, asanamve ululu wake womwe.

Amene anabwera kudzamudzutsa anali a Ephraim. Mfundo ija inali itamasuka tsopano, chitenje chili uko pamphasa, thalauzi lili poyera. Isla anaima patali, magalasi akuluakulu ataphimba nkhope yake, osasuntha.

Lamulungu Matilda sanapite ku tchalitchi. Analemba uthenga pafoni wouza Rowland kuti ku nyumba yosamalira okalamba ya ku Easterhouse, kumene ankagwira ntchito, amusinthira masiku ndipo sangathenso kupita. Anauwerenga kasanu, osautumiza, osaufufuta. Ankadziwa bwino tanthauzo lake: Nellie anali atathyoka dzanja, ndipo panalibenso mayi wina amene akanapeza tchuthi cha sabata yathunthu masiku asanu ndi limodzi okha atatsala. Koma ankati akaganiza zokhala m'basi maola atatu ndi anthu amene anamuona akuuluka, ankalephera kuufufuta uthengawo.

Isla sanamukalipire. Zikanakhala bwino akanatero. Chikwama chake chinali chitaima pakhomo la chipinda kwa masabata awiri, cholongedza kale. Lolemba Matilda pobwera ku ntchito anapeza chikwamacho chili pamwamba pa kabati, chopanda kanthu, majuzi atabwezeredwa m'malo mwake mopindidwa bwinobwino. Mwanayo anali asanafunse n'komwe. Ankawadziwa amayi ake.

Lachiwiri masana anakazinga mandasi kuti akazonde wodwala. Nellie ankakhala ku Gorbals. Matilda anazungulira nyumba zofanana zija kawiri, mbale ikuzizira m'manja, mpaka anaimitsa mayi wina wokankha mwana n'kufunsa njira. Mayiyo analoza, namwetulira, napitiriza ulendo wake. Sanakweze mawu.

Nellie anamulandira dzanja lili mu pulasitala mpaka m'chigongono. Anadya ndasi limodzi, nalitama, kenako anamuyang'ana m'maso n'kumufunsa ngati anayamba wapondapo ski tsiku lija lisanafike.

Mutu unafuna kugwedezeka. Matilda anaugwira ndi khosi.

"Sindidziwa ski," anatero. "Ngakhale kuima kwake sindikudziwa. Ndinanama, ndipo ndakuthyolani dzanja."

"Ndinakuona ukulimbana ndi nsapato za ski zija," Nellie anayankha. "Ndinayenera kuyankhula pomwepo, koma ndinaopa kukuchititsa manyazi. Ndiye taona, manyazi ako ndi anga abereka pulasitala."

Anamufotokozera kuti paphiri atsikana amakhala ndi aphunzitsi awo. Ntchito ya mayi ndi kuwawerenga m'mawa ndi madzulo, kudziwa amene sanadye, amene akulira m'bafa, amene wabisa chithuza kuphazi. Chokhacho n'chakuti lamulo limafuna kuti mayiyo akhale paphiri, ndipo wosadziwa amayambira m'kalasi ya oyamba kumene, pamodzi ndi ana a zaka zisanu ovala timalaya tachikasu towala. Aliyense wokwera mipando yoyenda pachingwe kupita kumtunda amadutsa pamwamba pawo n'kuwaona.

"Dzanja langa lipola," anatero Nellie pomutsanzika. "Koma iwe ukakhala pakhomo, atsikana asanu ndi atatu akhalanso pakhomo. Ndipo Rowland umuuze wekha. Ine sindine mthenga wako."

Matilda anaimbira Rowland foni ali poimira basi, mphepo ikumumenya kumaso. Ananena zonse m'ndondomeko, kuyambira nkhuni za ku Mulanje mpaka mutu wogwedezeka. Rowland anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati akanayenera kudziwa zimenezi munthu asanavulale, ndipo mawu ake anali ouma. Matilda anavomera. Madzi akatayika saoleka. Pomaliza Rowland anati amulemba m'kalasi ya ana, ndipo afike pa basi Loweruka isanakwane seveni.

Atakwera masitepe a nyumba yawo ku Dennistoun anapeza Isla pa tebulo, akulemba za kusukulu. Matilda anakwera pampando, natsitsa chikwama chija pa kabati, nachiponya pamapazi a mwanayo.

"Longedza. Wakuuza ndani kuti upasule?"

Isla anayang'ana chikwama, nayang'ana amayi ake. Pamene anayankhula, anayankhula Chichewa, chija chake cholemera lilime chimene ankachisungira agogo ake pafoni.

"Mami, pepani. Sindinabwere kukudzutsani."

"Ukanabwera ndikanakugwetsa nawenso," Matilda anatero, akuvula jekete. "Tiye, undionetse m'mene amaimira. Ine sindidziwa."

Anakankhira tebulo kukhoma. Isla anaima pakati pa khitchini atavala masokosi, zala za kumapazi zitayang'anana, zidendene kunja, mawondo atapindika. Matilda anatsanzira. Mwanayo anagwada, nagwira akakolo a amayi ake, nawatangadza pang'ono, kenako pang'ono kuposa pamenepo. Minofu ya m'ntchafu inayamba kunjenjemera. Matilda sanasunthe mpaka atauzidwa kuti wakhoza.

Lachisanu dzuwa lisanalowe anayala katundu wake pabedi: majuzi atatu, masokosi a ubweya, mafuta opaka, Baibulo, ndi thalauzi lakuda lija, lochapidwa. Pomaliza anatenga chitenje cha maluwa achikasu. Chinali ndi kadontho ka magazi a pa bondo lake kamene sopo anakalephera. Isla, ataima pakhomo, anatsegula pakamwa.

"Ichi n'cha m'nyumba, madzulo," Matilda anamudula. "Paphiri, a Ephraim aziyang'ana kumbali."

Anachipinda kanayi, nachiika pansi penipeni m'chikwama chake, thalauzi pamwamba. Anaponda chikwamacho ndi bondo, nakoka zipi mpaka kumapeto, ndipo anakachiimika pakhomo, pambali pa cha mwana wake.