Mpango pa Payipi

Radojka sankaopa galu, sankaopanso apongozi ake ali moyo. Chimene ankaopa ndi promaja, kamphepo kaja kamadutsa m'nyumba zenera ndi chitseko zikatsegulidwa pamodzi. Kwawoko funsani aliyense, akuuzani kuti kamapha. Iye ankalumbira kuti ndi komwe kanakhotetsa pakamwa pa malemu bambo ake.

Ndiye dokotala wa mumzinda, kamwana kadzulodzulo, n'kupatsa mwamuna wake Stanimir makina opopera mphepo m'mphuno! Akuti mkonono wakewo si wamba: akagona kukhosi kumatsekeka, mpweya umaima kambirimbiri, mtima n'kumavutika. Akachita masewera, sitiroko.

"Zaka makumi atatu ukulira ngati thirakitala, unafa?" anatero Radojka.

"Zisiye, nkhalamba iwe. Wophunzira wanena."

Sanazisiye. Stanimir akangogona, iye ankazimitsa makinawo n'kumuvula chophimba kumphuno. M'mawa mdalayo ankayesa wachigwetsa yekha potembenuka. Zinatero milungu itatu.

Lachinayi masana, nthawi yothyola zipatso za mapulamu, Dragutin wa nyumba yoyandikana anatulukira ali wefuwefu.

"Radojka! Thirakitala yanu ili m'ngalande!"

Stanimir anali atawodzera pachiwongolero dzuwa likuswa mtengo. Namwino wa pamudzi anamusoka pachipumi, Dragutin n'kumufikitsa kunyumba.

"Makina aja ndi achabechabe," anadandaula Stanimir akudzigwetsa pasofa. "Ndikuvala tsiku ndi tsiku, kudzuka ndili wotopa chimodzimodzi. Mawa ndikawabweza."

Posakhalitsa mkonono unayamba, ndipo kwa nthawi yoyamba Radojka anauonerera poyera, kukuwala. Unalira, unalira, kenako zii. Chifuwa chinkakoka, mimba ikugwedezeka, koma mpweya osalowa. Milomo inayamba kuda. Mayo! Mantha anamugwira mpaka m'mafupa. Anayamba pemphero la Atate Wathu, nafika pa chakudya chalero mwamunayo asanapume. Anafika pa kukhululukira mangawa, kuli zii.

Kenako Stanimir anabanika n'kukoka mpweya ngati munthu wovuulidwa m'chitsime.

Radojka anamugwedeza mapewa akulira. "Dzuka! Ndine! Makinawo ndimazimitsa ndine. Ndimaopa promaja."

Stanimir anamuyang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pabandeji. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa.

"Ngalande ija ikanakhala ya kumlatho," anatero motsitsa mawu, "bwenzi pano ukundisankhira suti ya m'bokosi."

Radojka anakawatenga makinawo kuchipinda. Anamuveka chophimbacho, namanga malamba, nadina batani. Mphepo inayamba kuti fiii m'payipi, ndipo thupi lake lonse linachita tsemwe, pakuti ankaiopabe. Chala chinali pomwepo pabatani. Anachichotsa.

Anavula mpango wake waubweya wa nkhosa n'kukulunga payipi yonse, kuti mphepoyo imufike mwamuna wake itafundako. Kenako anakhala pansi pambali pa sofa, khutu lili tcheru, kudikira zii uja. Sanabwere.